Ndamaliza makilomita 55 m'mapiri, koma akuti ndinangokayenda

Kawale_ku_Cape
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Mu Novembala muno ndinalowa mpikisano wanga woyamba wa m'mapiri wopitirira marathon (makilomita 42), wa makilomita 55 pa Ultra-Trail Cape Town. Ndinamaliza nthawi yotsekera isanakwane, mendulo ili m'nyumba muno. Koma mnzanga wina wa kuntchito, wothamanga za pa tala, atamva kuti zikweza zonse ndinakwera choyenda, wandiuza kuti kumeneko si kuthamanga, ndinangopita kokayenda m'phiri. Mawu amenewa andikhala pamtima.

Chinanso chimene sindikumvetsa ndi ichi. Marathon ya pa tala ndinaithamangapo, sindinazunzike chonchi. Kuno mpweya unali wokwanira bwinobwino, koma ntchafu zinathera m'mitsetse, moti chakumapeto ndinkaopa kutsika kuposa kukwera. Titadutsa theka la njira mimba nayo inakana chilichonse, fungo lokha la jelo, kachakudya kotsekemera ka m'timapaketi kopatsa mphamvu, linkandipatsa nseru. Amene munadutsamo, kodi zimatero kwa aliyense? Ndikufuna kubwereranso chaka chamawa, koma zisadzakhalenso chonchi.

Mkulu_wa_Durban
Mwaitha achimwene, landirani ulemu wanu. Mnzanuyo musalimbane naye pakamwa. Mutengeni Loweruka lina mukakwere naye Platteklip Gorge, njira yokwera phiri la Table Mountain, mumuuze athamange kuyambira pansi mpaka pamwamba. Adzamvetsa yekha asanafike n'pakati pomwe.

Ine ndine wa pa tala, chimene ndimachidziwa ndi mpikisano wa Comrades. Ngakhale kumeneko, pa msewu wosalala wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, makilomita pafupifupi 90, khamu lonse la kumbuyo limayenda pa zikweza za Inchanga ndi Polly Shortts. Mpikisanowu unayamba mu 1921 ndipo lamulo loletsa kuyenda mulibe. Lamulo ndi loti ulowe maola 12 asanakwane, basi.

Wapakabaza
Ine ndifunse mosapsatira. Munthu kulipira ndalama kuti akazunzike m'phiri tsiku lathunthu, phindu lake n'chiyani? Kwathu anthu amayenda mitunda imeneyi atasenza makala, palibe amene amawapatsa mendulo.

Wa_ku_Chitakale
A Wapakabaza, osenza makalawo ndi amene angamumvetse bwino m'bale wathuyu. Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje ndipo ndanyamulapo katundu wa alendo kupita ku Chambe ndi ku Lichenya. Munthu wodziwa phiri sathamanga pokwera. Amafupikitsa mapazi, amaweramira kutsogolo pang'ono, pena manja pa mawondo, n'kumayenda mwamphamvu osaimaima. Wothamanga pa chikweza amakupitirira poyamba, koma umakamupeza patsogolo atakhala pamwala akupuma wefuwefu, iwe n'kudutsa.

Pa Porters Race, mpikisano wa pa phiri la Mulanje umene umayambira ku Likhubula, anyamata a kutsogolo amamaliza makilomita oposa 20 a phiri m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Koma mukawaona pamalo oimirira kwambiri pokwera ku Chambe, nawonso manja amakhala pa mawondo. Nthawi amaipezera pa chidikha cha pamwamba ndi potsika. Ndiye a Kawale, kuyenda pokwera ndi luso, ndipo kumafuna kuphunzira. Funso langa kwa inu ndi loti, pokonzekera munkaphunzira kuyendako, kapena munkangothamanga?

Kawale_ku_Cape
Ndinkathamanga kwambiri m'mphepete mwa nyanja, ku Sea Point, chifukwa ndi kumene ndimatha kufika ndikaweruka. Kuphiri ndinkapita mwa apo ndi apo.

Wa_ku_Chitakale
Ndiye yankho la ntchafuzo ndi limenelo. Sea Point ndi yosalala. Miyendo inakumana ndi ntchito imene sinaionepo.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Ndiwonjezere pa zimene anena a Chitakale, chifukwa ambiri timanamizidwa ndi nambala ya makilomita. Pa mipikisano ya m'mapiri pali kawerengedwe kamene bungwe la ITRA, loona za mipikisano yotereyi pa dziko lonse, limagwiritsa ntchito: mamita 100 aliwonse okwera amawerengedwa ngati kilomita imodzi yowonjezera. Ndiye tiyerekeze mpikisano wa makilomita 50 wokhala ndi zikweza zokwana mamita 2,500 mukaziphatikiza zonse. Ntchito yake ikufanana ndi makilomita 75. Apo sitinawerengere miyala, mizu, mchenga ndi dzuwa. N'chifukwa chake nthawi yanu ya marathon singakuuzeni kuti mudzatha maola angati m'phiri.

Za ntchafu, potsika minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki. Imatamuka kwinaku ikulimbana ndi kulemera kwa thupi, ndipo phazi lililonse limasiya timabala ting'onoting'ono mkati mwake. Mtima ndi mapapo sizimva kanthu, n'chifukwa chake munthu umadziona ngati uli bwino n'kumatsika mwaliwiro m'mitsetse yoyambirira. Ngongole yake umadzalipira chakumapeto. Ubwino wake ndi woti minofu imeneyi imazolowera msanga. Mukamatsika phiri mothamanga kamodzi pa sabata imodzi kapena ziwiri, ululu wa mawa lake umanka nuchepa. Koma sabata ziwiri zomaliza mpikisano usanachitike musachite zimenezi, miyendo ipume.

Mkulu_wa_Durban
Zoona zenizeni. Ku Comrades chaka china timakwera kupita ku Pietermaritzburg, chaka china timatsikira ku Durban. Osadziwa amasankha yotsika poganiza kuti ndi yophweka. Afunseni mawa lake mmene amatsikira masitepe.

Nesi_wa_Usiku
Ine ndiyankhe za mimba, chifukwa pamenepa pali zina zoopsa zimene sindifuna zingodutsa.

Munthu akamathamanga nthawi yaitali, makamaka kukatentha, magazi ambiri amapita ku minofu ndi ku khungu kuti thupi lizizire. Matumbo amatsala ndi ochepa, ndiye chakudya chimangokhala m'mimba osagayika. Mukathirapo jelo wotsekemera popanda madzi okwanira, nseru imabwera. Zikatero chepetsani liwiro, yendani, dzithireni madzi kumutu ndi m'khosi, pumani pamthunzi mphindi zingapo, kenako yambani ndi timadzi pang'ono ndi kanthu kamchere. Nthawi zambiri mimba imatseguka. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kusiyiratu kudya n'kumapitiriza liwiro lomwelo.

Mphamvu imene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi imakwana ola limodzi ndi theka kapena awiri a ntchito yolimba. Akatswiri amalangiza magalamu 60 mpaka 90 a shuga ndi sitachi pa ola pa mipikisano yaitali. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, jelo mmodzi chimodzimodzi. Ndiye onani kuchuluka kwake. Mimba ili ngati mbaula, mumaika makala pang'onopang'ono moto ukadali wamoyo, mukadikira uzime kenako n'kukhuthulirapo thumba lonse, simuphikanso. Yambani kudya mu ola loyamba, njala isanabwere, ndipo muziyeserera pa maulendo aatali okonzekera kuti mimba izolowere.

Tsopano choopsa. Chonde musamwe Brufen, diclofenac kapena Indocid pa mpikisano kapena mukangomaliza. Impso zimakhala zili kale pa ntchito yaikulu, madzi achepa m'thupi, minofu yowonongeka ikutayira zinyalala zake m'magazi, ndiye mankhwala amenewa amachepetsanso magazi opita ku impso. Mukaona mkodzo wakuda wa mtundu wa Coke, kapena maola ambiri adutsa mutamaliza osakodza ngakhale mukumwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kawale_ku_Cape
Zikomo kwambiri achemwali. Ndinaona anthu akupatsirana timapiritsi pa malo olandirira madzi, ine sindinamwe. Za kudya, ndinayamba mochedwa ndithu, m'mawa kunkazizira bwino ndipo ndinalibe njala.

Dalaivala_wa_Beira
Nkhani yonseyi ndi madzi basi. Imwani madzi ambiri musanamve ludzu, pa siteshoni iliyonse botolo lonse. Ine ndimatero ndipo sindinadwalepo.

Nesi_wa_Usiku
Pepani achimwene, pamenepo ndikana, ndipo ndikana mwamphamvu. Madzi opitirira muyeso amapha. Amasungunula mchere wa m'magazi mpaka ubongo kutupa, matenda ake amatchedwa hyponatremia. Anawafotokoza ndi Pulofesa Tim Noakes wa pa yunivesite ya Cape Town m'zaka za m'ma 1980, ataona othamanga mitunda italiitali kuno ku South Africa akudwala chifukwa chomwa kwambiri. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi ife a kumbuyo, chifukwa timakhala panjira maola ambiri ndipo timamwa paliponse. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kusanza, kutupikana, kenako kusokonezeka mutu. Vuto ndi loti zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, ndiye anzake amamupatsanso madzi ena. Imwani mukamva ludzu. Kuti inu simunadwale ndi mwayi wanu, koma musaphunzitse ena zimenezo.

Dalaivala_wa_Beira
Nanga minofu ikamakokana si mchere umene wachepa? Ine ndimanyambita mchere n'kusiya.

Nesi_wa_Usiku
Mchere pang'ono pa tsiku lotentha ndi wabwino, ndipo umathandiza kuti chakudya chilowe pamene zotsekemera zakukola. Koma kukokana nthawi zambiri kumabwera chifukwa minofu yatopa ndi ntchito yoposa imene inazolowera. Taonani, imakokana ndi imene ikugwira ntchitoyo, akatumba ndi ntchafu, osati thupi lonse. Mukaima kuti munyambite mcherewo mumakhalanso mwapumitsa mwendo. Ndipo dziwani kuti mapiritsi a mchere sangakutetezeni ngati mukumwa madzi opitirira muyeso.

Mai_a_Mapasa
Majelo amenewa ine sindingawakwanitse, mtengo wake ndi wa ndiwo za masiku angapo. Pa maulendo anga aatali a ku Michiru ndimatenga mbatata ya kachewere yophika, yaing'onoing'ono, yothira mchere, ndimaikulunga m'kapepala ka pulasitiki. Nthochi, mtedza wokazinga pang'ono, buledi wopaka chiponde wodula tizidutswa. M'botolo limodzi madzi, m'linalo Sobo wosungunula kwambiri ndi kamchere ka pa nsonga ya chala. Thobwa ndinayesapo, limapatsa mphamvu, koma likatenthedwa m'chikwama limasasa ndipo limatupitsa mimba. Limeneli ndi la pomaliza.

Mnyanja_wa_Chipata
Mbatata ya mchere ndi yeniyeni amayi. Ngakhale pa mipikisano ya ku Joni mumaipeza pa matebulo. Koma mtedza samalani nawo, mafuta amachedwa kugayika.

Kaunjika_Original
Palibe amene wanena za nsapato. A Kawale, zikhadabo zilipo zonse?

Kawale_ku_Cape
Ziwiri zada bii, chimodzi chayamba kugwedera. Matuza anali pansi pa chala chachikulu.

Kaunjika_Original
Nsapato inali yothina kutsogolo, kapena simunamange bwino zingwe. Phazi limatupa pakapita maola, ndipo potsika limaterereka n'kumagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo kufa. Pogula siyani mpata wa chala chachikulu cha dzanja pakati pa chala chanu chachitali ndi mapeto a nsapato, ndipo muyese madzulo phazi litatupa kale. Kabowo komaliza ka pamwamba kaja, kamene ambiri sitikagwiritsa ntchito, ndi kogwirira chidendene kuti phazi lisapite kutsogolo. Wengani zikhadabo masiku angapo mpikisano usanafike, osati usiku wake. Masokosi a thonje asiyeni, amasunga thukuta. Vaseline pakati pa zala, m'mphechepeche ndi m'khwapa.

Kwa amene muli kumudzi, nsapato za m'mapiri zimapezeka pa kaunjika mukadekha, ku Limbe ngakhale ku Tsoka ku Lilongwe. Tembenuzani muone mano a pansi ngati akadalipo, kenako pindani muone ngati siponji yake sinafe. Ambiri ogulitsa sadziwa kusiyana kwake ndi nsapato wamba.

Wapakabaza
Nanga anyamata a ku Mulanje aja amathamanga ndi nsapato zotani? Ena ndinamva amapita opanda n'komwe.

Wa_ku_Chitakale
Alipo amene amathamanga ndi zapulasitiki, ena osavala, makamaka kale. Koma mapazi awo anakulira pa miyala imeneyo. Inu ndi ine tikavala nsapato zaka zambiri m'tauni tisayerekeze. Ndipo musaganize kuti amakonda zimenezo, mukawapatsa nsapato yabwino amalandira ndi manja awiri. Edson Kumwamba, amene a Kawale muyenera kuti munamva dzina lake ku Cape Town konko, ndi mwana wa ku Mulanje, anayambira pa Porters Race yomweyi asanakatchuke pa mipikisano ya m'mapiri a ku South Africa ndi kunja. Aluso otere kwathu alipo ambiri, chimene chimasowa ndi zipangizo ndi ndalama yoyendera.

Mjoni_Weniweni
Poti mwatchula zipangizo, ine chimene chimandinyansa pa mipikisano imeneyi ndi mndandanda wa katundu wokakamiza. Jekete ya mvula, kabulangete konyezimira kaja, wezulo, foni, tochi ya pamutu, zonsezi m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo. Ndi bizinesi chabe yoti tigule zinthu m'masitolo awo. Munthu wosauka angalowe bwanji?

NaPhiri_wa_Leeds
Za kudula ndikugwirizana nanu, masewerawa amatsekera kunja anthu ambiri. Koma jekete si bizinesi. Mu Meyi 2021 ku Gansu, m'dziko la China, anthu 21 anafa pa mpikisano wa makilomita 100. Ananyamuka m'mawa atavala makabudula ndi malaya opyapyala, atafika pamwamba kunabwera mphepo, mvula yozizira ndi matalala. Ena mwa omwalirawo anali akatswiri a kutsogolo penipeni. Asanu ndi mmodzi anapulumutsidwa ndi mbusa wa nkhosa amene anawalowetsa m'phanga n'kuwasonkhera moto.

Jekete simuinyamulira nthawi imene mukuthamanga, thupi likutentha. Mumainyamulira nthawi imene mwabzungunyuka bondo, mwakhala pansi ndi malaya onyowa ndi thukuta, mphepo ikuwomba, ndipo okuthandizani atenga maola kuti akufikeni chifukwa galimoto sifika. Mukakwera mamita 1,000 kuzizira kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6, musanawerengere mphepo. Table Mountain ndi ya mamita 1,086 okha, koma inu a ku Cape mukudziwa mmene mtambo uja umaphimbira pamwamba pamene m'tauni anthu akutuluka thukuta. Ngati ndalama palibe, bwerekani kwa anzanu a m'kalabu. Ambiri amabwereketsa.

Wa_ku_Chitakale
Achemwali anena zoona. Kwathu chiperoni chikabwera, munthu amene ali mapazi khumi patsogolo pako sumuonanso. Mwala umene unali wouma umasanduka woterera. Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo anthu anatayikapo kumeneko osapezekanso.

Dalaivala_wa_Beira
Amenewo si a chifunga, ndi mizimu. Agogo ankati ukapeza chakudya m'phirimo udye wekha osaitana mnzako.

Wa_ku_Chitakale
Nkhani imeneyo tonse tinakula nayo ndipo ine sindinyoza za makolo. Phiri lija timalilemekeza. Koma ndikuuzani zimene ndaona ndi maso: amene amavutika ndi amene akwera okha popanda wowatsogolera, anyamuka mochedwa, alibe chofunda, ndipo chifunga chikabwera amapitiriza kuyenda m'malo mokhala pansi kudikira. Kulemekeza phiri n'kumeneko, kudziwa kuti likhoza kukusinthira nthawi iliyonse.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Tabwererani ku funso abale, mizimu tiitsegulire zokambirana zakezake.

Sindinamalize
Ine ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko. A Kawale, inu mukudandaula kuti munayenda. Ine mpikisano wanga woyamba wa m'mapiri, ku Drakensberg, sindinaumalize n'komwe.

Ndinafika pa siteshoni ina masana, miyendo ikunjenjemera, nditasanza kawiri panjira. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki, mayi wina wothandiza anandifunditsa bulangete n'kundipatsa kapu ya supu. Ndinkayang'ana anthu akulowa, akudzaza mabotolo, akutuluka. Bambo wina wa imvi, amene ndinamupitirira m'mawa ndikumumvera chisoni, anafika, anadya mbatata ziwiri ataimirira, anandigwira paphewa n'kupita. Ine ndinavula nambala n'kuipereka. Patangotha theka la ola, supu ija italowa, ndinali bwinobwino, ndikuseka ndi anthu, koma nambala inali itapita.

Zimene ndinaphunzira ndi zoti pa mtunda wautali mavuto amabwera n'kupita. Pa marathon ukatopa pa kilomita 35 watopa mpaka kumapeto. Pa ultra, mpikisano wopitirira marathon, ukhoza kufa pa 30 n'kudzuka pa 40. Masiku ano ndili ndi lamulo langa: sindiganiza zosiya ndili pa chikweza, ndili ndi njala, kapena ndisanakhale pansi mphindi khumi n'kudya. Ndikadya, ndikapuma, ndiye ndimadzifunsa ngati ndavulala kapena ndangotopa. Kuvulala, kusokonezeka mutu, kuzizidwa kosaleka, pamenepo siyani ndithu, palibe manyazi. Koma kutopa kokha kumanama.

Mai_a_Mapasa
Mwandikhudza achimwene. Munabwererakonso?

Sindinamalize
Ndinabwerera, ndinamaliza. Dzinali ndinalisunga dala kuti ndizikumbukira mpando uja.

Mkulu_wa_Durban
Bambo wa imviyo ndi amene ali ndi phunziro lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka loyamba la mpikisano muzimva ngati mukuchedwa, anthu azikupitirirani, muwasiye. Ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu pokwera m'maola oyambirira, liwiro lachuluka. Ndipo pa masiteshoni musakhazikike. Musanafike dziwiranitu chimene mukufuna, madzi, chakudya, Vaseline, kenako tulukani mukutafuna. Mphindi khumi pa siteshoni iliyonse zikaphatikizana ndi ola lathunthu.

Mjoni_Weniweni
Koma inu akuluakulu mukutsutsana. Wina akuti khala pansi mphindi khumi, wina akuti usakhale.

Sindinamalize
Sitikutsutsana. Zinthu zikamayenda bwino, dutsani msanga. Zikavuta mpaka kuganiza zosiya, mphindi khumi n'zotchipa kuposa kupereka nambala.

NaPhiri_wa_Leeds
Ndibwerere kwa a Wapakabaza amene anafunsa phindu, chifukwa funso lawo si lachibwana. Kuno ku England ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Chimene chinandichotsa m'nyumba ndi kagulu ka amayi othamanga m'mapiri a Yorkshire. Tsiku limene ndinamaliza makilomita 50 m'matope, ndinalira, osati chifukwa cha ululu. Zaka zonsezi thupi langa linali la ntchito, la ana, la kutumiza ndalama kumudzi. Tsiku limenelo linali langa. Osenza makala sanasankhe mtunda wawo, ine ndinasankha wanga, ndipo kusiyana kumeneko ndimakudziwa, sindikuiwala.

Ndiponso amayi musaope mitunda italiitali. Kuno kuli Spine Race, makilomita oposa 400 mu Januwale, m'chisanu ndi mdima. Mu 2019 anapambana ndi mayi, Jasmin Paris, kuposa amuna onse, pamene anali akuyamwitsa, ankafinya mkaka pa masiteshoni. Mu 2023 Courtney Dauwalter wa ku America anapambana mbali ya amayi pa mipikisano itatu ikuluikulu ya m'mapiri, Western States, Hardrock ndi UTMB, m'chilimwe chimodzi. Ndipo a Kawale, kaonereni mavidiyo a UTMB pa YouTube pamodzi ndi mnzanu uja. Ndi makilomita pafupifupi 170 kuzungulira Mont Blanc, kudutsa France, Italy ndi Switzerland, zikweza zokwana mamita pafupifupi 10,000. Muona akatswiri a dziko lonse akukwera choyenda, ndodo ziwiri m'manja.

Mai_a_Mapasa
Vuto lathu amayi kuno si mtunda, ndi chitetezo. Sindingapite ndekha m'phiri m'bandakucha. Timadikirana anayi kapena asanu, ndipo kunyumba timasiya tanena njira imene tidutse ndi nthawi yobwerera. Pena mumakumana ndi agalu, pena anyamata okuwa zachipongwe.

Kawale_ku_Cape
Ngakhale kuno amayi, amuna omwe sitipita tokha m'njira zina, anthu amalandidwa mafoni. N'chifukwa china chimene ndinkathamangira ku Sea Point. Koma ndamva, ndifunafuna gulu lopita kuphiri Loweruka.

Area25_Runner
Nanga ife a ku Lilongwe kopanda phiri titani? Ndikufuna kuyesa chaka chamawa.

Mphunzitsi_wa_Masamu
Bunda ndi Nkhoma sizili kutali, Dedza ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Kawiri pa mwezi kwerani ndi kutsika kangapo, mutanyamula chikwama chomwe mudzanyamule pa mpikisano, ndi chakudya chomwecho. Mkati mwa sabata pezani kachitunda kalikonse kapena masitepe a nyumba yosanja, muwonjezere masikwati (kunjuta n'kuimirira mobwerezabwereza) ndi kutsika pa sitepe ndi mwendo umodzi pang'onopang'ono. Ulendo wautali muziuwerenga m'maola, osati m'makilomita. Maola anayi kapena asanu muli chiimirire, kuyenda ndi kuthamanga mosakaniza, amakuphunzitsani zambiri kuposa makilomita 30 a liwiro pa tala. Ndipo musalumphe kuchoka pa makilomita 21 kupita pa 50, yambani mwalawa mpikisano waufupi wa m'phiri.

Wa_ku_Chawe
A kum'mwera bwerani ku Zomba. Kuchoka m'tauni kukwera Potato Path mpaka pamwamba, kuzungulira ku Chingwe's Hole ndi ku Emperor's View n'kutsikanso, miyendo imabwerako itaphunzira. Madzi a m'mitsinje musamwe osathira mankhwala.

Nesi_wa_Usiku
A Kawale, musanayambe zonsezi pumani kaye. Sabata yoyamba kuyenda kokha, kudya bwino ndi kugona. Ululu wa ntchafu umafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako umatsika, umenewo ndi wabwinobwino. Koma ululu wa malo amodzi pa fupa, woti mukhoza kuuloza ndi chala ndipo ukukula mukaponda, umenewo kaonetseni. Chikhadabo chogwederacho musachizule, chimangeni ndi pulasitala chidzagwa chokha, ndipo mukaona mafinya kapena kufiira kukufalikira pitani kuchipatala.

Kawale_ku_Cape
Ndamva zonse achemwali, zikomo nonse. A Chitakale, ndikuganiza zobwera kumudzi nthawi ya chisanu. Porters Race munthu wochokera kunja ngati ine angalowe nawo? Ndikufuna ndidzaphunzire kutsika kwa eni ake.

Wa_ku_Chitakale
Amalowa, alendo amabwera chaka chilichonse, amayi ndi abambo. Imachitika cha mu Julaye, tsiku lenileni muzifunsa ikayandikira. Mufike masiku angapo isanachitike, mugone ku Likhubula, mupeze wokutsogolerani pa ofesi ya zankhalango mukwere naye ku Chambe choyenda kuti muione njira. Mumuuze akuonetseni poponda potsika, muziyang'ana mapazi ake: timapazi tifupitifupi, maso patsogolo osati pa zala, mawondo osawuma. Mumulipire bwino. Juzi ndi jekete musasiye, m'mawa pamwamba paja madzi amachita kuluma m'manja.